Mvula Imene Kabokosi Sikanamve

Ntengo-Wambalame, 10 Fevereiro 2024

Mana Iolanda,

Moni wochokera kuno kumudzi. Ndikhulupirira mwadzuka bwino ku Beirako, ndipo kutentha sikunakumalizeni. Ife tilipo. Bondo la amayi lasiya kuvuta, koma akuti ndisakuuzeni, mwina mungaleke kuwaimbira Lamulungu. Eskola tatsegulira. Ndili dezima tsopano, kalasi ya khumi, ndipo ndimakhala ndekha pa benchi ya kutsogolo. Sizikundidandaulitsa.

Mbatatesi ya amayi yachita maluwa. Ndi yofiira ija, mbewu imene anabwera nayo kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, imene amakana kuisinthanitsa ndi ya m'sitolo. Chaka chino abzala yonse, m'nyumba simunatsale ngakhale imodzi. Mankhwala opopera ali ndi botolo limodzi lokha. Aliika pamwamba pa kabati, akudikira kuti kabokosi kanu kochenjeza alimi za matenda a chiwawu kanene tsiku lopopera.

Za kabokosiko ndi zimene ndikulemberani. Monga munandiuza pochoka, ndikaweruka ndimadzera ku nyumba ya asosiyasau, bungwe lathu la alimi, ndimapukuta sola, n'kuona ngati kakuyaka. Kakuyaka ndithu. Uthenga wa m'mawa ukufikanso pa mafoni a alimi onse. Koma mana, mlongo wanga wamkulu, mvula yatikhalira. Sikugwa yamphamvu, ikungowaza, ndipo nkhungu imakhala paphiri mpaka masana. Yunifolomu yanga ikumaumira pathupi. Uthenga ndi womwewo tsiku ndi tsiku: "Chiwawu chili kutali. Sungani mankhwala."

Chaka chatha kunja kukakhala chonchi, kanyale kobiriwira ka pa kabokosi kankaphethira m'mawa wonse, chifukwa mlimi aliyense amene kwawo kwagwa mvula amabipa nambala yake monga munawaphunzitsira: kuimba n'kudula msanga, kuti kredito isapite. Lero ndakhala pamenepo m'mawa wonse, mvula ikuwaza padenga. Kanyale kanaphethira mwa apo ndi apo basi, ngati mvulayo yagwera mabanja awiri okha. Koma anthu akubipa. Amayi ndimawaona ndi maso angawa.

Mwina palibe vuto. Mwina ndi mmene kamachitira masiku ano. Komabe mungandipatse senya, mawu achinsinsi otsegulira, ndione m'kati? Sindisintha kanthu. Ndikulemba pa laputopu yakale imene munasiya kuno, ndi mega za intaneti za kabokosi komweko, ndiye sindichulutsa.

Ndine mlongo wanu,
Belmiro


Beira, 14 Fevereiro 2024

Belito,

Moni kwa iwe ndi amayi. Kalata yako ndaiwerengera m'shapa, minibasi zathu zija, popita kuntchito, mayi wina atandikhazika dengu la nsomba pamiyendo. Za bondo ndamva, koma tinene kuti sindinamve.

Senya iyayi. Usakwiye. Ndikukumbukira wailesi ya malemu atate, mmene unaimasulira "kungofuna kuona m'kati". Mpaka lero ili m'thumba la pulasitiki.

Mvetsa izi, mtima ukhale pansi. Kabokosiko sindinakalembe ndekha. Ndinakalumikiza kuchokera ku zidutswa za mapulogalamu zimene anthu a m'maiko osiyanasiyana amalemba n'kuzisiya poyera, kwaulere, kuti aliyense atenge kapena akonze. Chidutswa china chimalandira mafoni, china chimatumiza mauthenga, china chimayeza kuzizira, china chimawerengera ngati chiwawu chayandikira. Chilichonse chili ndi eni ake, ndipo chimatsamira pa zidutswa zinanso zimene ngakhale ine sindinaziwerengepo. Changa ndi kachidutswa kamodzi, kowerenga kubipa. Ndinakatchera kuti eni zidutswa akakonza chinthu, kabokosi kazilandira zatsopanozo pakokha, ine ndisamadere nkhawa ndili kuno. Choncho akukayang'anira ndi anthu ambirimbiri, odziwa kuposa ine ndi iwe.

Komanso kuwaza si chiwawu. Chaka chatha a Cipriano, ndi upurezidenti wawo wa asosiyasau womwewo, ankafuna kupopera sabata iliyonse. Kabokosi kanati dikirani, anadikira, ndipo anakolola mankhwala ena atatsala. Anthu akatopa ndi kubipa, ndi zawo.

Sabata yamawa ntchito ikunditumiza kumidzi ya ku Zambézia, netiweki kumeneko ndi ya mwayi. Ngati ukufuna ndikugulire foni, nena poyera, osazungulira ndi nkhani za kanyale. Ndipo upiteko kumpira ndi anzako, ngakhale kamodzi.

Mana wako,
Iolanda


Ntengo-Wambalame, 17 Fevereiro 2024

Mana,

Moni. Tilipo, mvula ilipo. Sindikufuna foni. Chonde werengani iyi mpaka kumapeto.

Dzulo ndinabwereka foni ya amayi, ndinati ndikaitchaje. Ndinapita nayo pa kabokosi n'kubipa ndili chiimire pomwepo. Siinaitane n'komwe. Inangoti tu-tu-tu, n'kuduka, kanyale osaphethira. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Amayi sadziwa zimenezi chifukwa pobipa saika foni kukhutu, amangodina, n'kudula, n'kubwezera m'chitenje.

Panja panali Tomé wa mota uja, wonyamula anthu pa njinga yamoto, atabisala mvula pakhonde. Iye salima, sanabipepo chiyambire. Ndinamupempha ayese ndi foni yake.

"Ukufuna nambala yanga uipereke kwa mlongo wako wa ku Beira? Nena, ndisambe," anatero.

Anabipa. Inaitana, kanyale kanaphethira. Ndinamuuza abwereze msangamsanga, osapuma. Anabwereza, akuseka, kanyale kakuphethira, mpaka mwadzidzidzi tu-tu-tu. Kuyambira pamenepo foni ya Tomé nayonso sikulowa.

"Eh, mwana wa anthu, wandithamangitsitsa kwa apongozi ndisanalowe n'pakhomo pomwe!"

Mana, munaphunzitsa anthu kubipa kamodzi. Koma inu mutachoka anagwirizana okha potuluka m'tchalitchi kuti kamodzi ndi ka mvula yowaza, ikagwa yeniyeni azibipa kambirimbiri, kuti kabokosi kamve kukula kwake. Amayi ndiye amabipa mpaka chala kutopa. Chaka chatha sizinavute. Chaka chino aliyense wobipa mobwereza akutsekeredwa kunja, ndipo obipa kwambiri ndi omwe amasamala kwambiri. Kabokosi kakuona ngati kuno kuli ng'amba.

Ndinathamangira kunyumba. Ndinapeza amayi akusankha nyemba.

"Amayi, poperani mawa. Kabokosi sikakumva."

"Uthenga wabwera m'mawa uno. Wandiwerengera ndiwe."

"Kakulankhula, koma sikakumva."

"Botolo ndi limodzi, Belmiro. Ndikapopera lero, chiwawu n'kubwera mwezi wamawa, ndidzapopera chiyani? Malovu?" Kenako anatsitsa mawu. "Ndipo anthu akandiona ine, mayi wake wa Iolanda, ndikupopera chinthu chake chisananene, adzati chiyani za mwana wanga?"

A Cipriano ndinawapeza pa chigayo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kufunsa ngati mana wanga wavomereza zimenezi. Ndinati simunayankhe. Anati, "Ndiye tidikire mwini wake. Iwe udindo wako ndi kupukuta sola." Anthu anaseka, osati mwachipongwe kwenikweni, koma anaseka.

Madzulo ndinakubipani ndi foni ya amayi. Munaimba, amayi analanda, munakambirana za bondo. Nditaigwira ine munati muli pa msonkhano, ndikulembereni. Ndalemba. Masamba akadali obiriwira, ndawayang'ana mzere ndi mzere. Mawu amodzi ochokera kwa inu, amayi atsitsa botolo lija.

Belmiro


Ntengo-Wambalame, 21 Fevereiro 2024

Mana Iolanda,

Moni. Ndikuganiza kuti muli kumene kulibe netiweki kuja, chifukwa foni yanu sikupezeka ndipo simunayankhe. Ngati mwakwiya kuti ndinayesa ndi foni ya Tomé, pepani.

Ndachita chinthu china osakufunsani. Pa laputopu ndinapeza maina a zidutswa zija, ndi bwalo la pa intaneti pamene eni ake amalandirira madandaulo. Ndinalemba m'Chipwitikizi, chomasulira chinatembenuzira m'Chingelezi. Ndinafotokoza za kubipa, za mvula, za munda wa amayi.

Anayankha, mana. Ndi anthu aulemu. Mwini chidutswa cholandira mafoni anati mwezi watha anaikamo mlonda, chifukwa kwawo kuli akuba amene amaimba n'kudula mobwereza kuti munthu aimbenso n'kudyeredwa ndalama. Anthu ambiri anamupempha mlondayo, ndipo akugwira ntchito monga anamulembera. Anati vuto si lake, ndifunse wa chidutswa chowerengera chiwawu. Ameneyo anati chake chikapanda kulandira mbiri ya mvula chimatenga kuti mvula kulibe, ndipo zakhala choncho kuyambira kale. Anati ndifunse amene analemba chowerenga kubipa. Ameneyo ndinu.

Wina anandipempha kuti nditumize zimene kabokosi kamalemba m'kati mwake. Ndinati ndilibe senya. Sanayankhenso. Wina anangoika kachithunzi ka mtima pansi pa mawu anga. Kenako awiri anayamba kukangana okhaokha, wina akuti mlonda azibwera ali chigonere mpaka munthu amudzutse, wina akuti ayi, azibwera ali maso. Alemberana zambiri, zina chomasulira chikulephera. Za mbatatesi palibe watchulanso.

Aliyense akunena zoona, mana. Ndawerenga mobwereza, kufuna kupeza wolakwa, sindikumupeza. Chidutswa chilichonse pachokha chili bwino. Zikakumana m'kabokosi kathu ndiye zikunama.

Lero m'mawa ndisanapite ku eskola ndinadzera kumunda. Kumunsi, kufupi ndi mtsinje, ndapeza masamba a madontho akuda ngati opsa, kunsi kwake kuli kanthu koyera ngati ufa. Ndinathyola limodzi n'kukaika pa mphasa pamene amayi anakhala. Foni yawo inali italira kale ndi uthenga wa lero, woti chiwawu chili kutali. Analitembenuza tsambalo, n'kulitembenuzanso. Anakwera pa mpando n'kutsitsa botolo.

Koma chopopera cha asosiyasau ndi chimodzi, ndipo lero aliyense waona masamba ake. Amayi ali pamzere, kutsogolo kwawo kuli mabanja ambiri. Ku eskola sindinapite. Purofesora wa matematika adzandifunsa, sindikudziwa chimene ndidzanene.

Belmiro


Mocuba, 24 Fevereiro 2024

Belito, mlongo wanga,

Ndangotuluka kumene kumidzi, makalata ako awiri alowa pamodzi. Ndawawerenga nditaima pamsewu. Sindinakwiye. Ukunena zoona, zonse. Za kubipa kambirimbiri sindinkazidziwa, palibe anandiuzapo. Za mlondayo sindinkazidziwanso, analowa yekha ndi zatsopano zija, ine ndili kuno.

Ndawaimbira amayi, ndawauza apopere msanga. Akuti chopopera achipeza mawa. Ndawaimbiranso a Cipriano kuti auze anthu asakhulupirire uthenga wa m'mawa mpaka ndidzanene.

Senya ndi dzina la ng'ombe yathu yoyamba ija, kutsogolo kwake uike chaka chimene unabadwa. Kabokosi sindingakafikire ndili kuno, ndiye manja anga ndi iwe. Pansi pa kalatayi ndalemba mizere yoti ukope monga ilili. Woyamba uchotsa mlondayo. Zikakanika, wachiwiri ubweza chidutswa cholandira mafoni ku mtundu wake wakale. Ukatha undiuze chimene chatuluka, ngakhale chioneke chopanda tanthauzo.

Munda uli bwanji? Usandibisire.

Iolanda


Ntengo-Wambalame, 27 Fevereiro 2024

Mana,

Moni. Senya yatsegula. Ndinkaganiza kuti ndikadzalowa m'kati ndidzasangalala.

Ndinakopa mzere woyamba. Mlonda anachoka, koma anachoka ndi chotumiza mauthenga. Kabokosi kanalemba kuti chotumizacho, mtundu wake watsopano, sichiyenda popanda mlonda, chifukwa chimatsamira pa iye. Ndinakopa wachiwiri. Chidutswa chakale chinabwerera, koma sichikuzindikira manambala a alimi, pakuti chidutswa chinanso, chimene simunachitchule n'komwe, chinasintha kasungidwe kake mu Janeiro. Ndinayesa kubweza zonse monga zinalili. Chimodzi chikufuna chinzake chatsopano, chinzakecho chikufuna china chakale. Tsopano kabokosi kakungoyaka, sikakumva, sikakulankhula. Zimene kanalemba ndazikopa pansipa.

Mwina kukhala chete kuli bwino kuposa kunama. Koma anthu akuti ndakapha ndine. Wina pa chigayo anati kanali bwinobwino mpaka mwana wa a Ernestina atayamba kukhalira pamenepo.

Amayi anapopera Lamulungu, sanapite n'kutchalitchi komwe. Ndinkawatungira madzi. Titangomaliza, mvula inabwera yamphamvu, ndipo ndinaona madzi oyera akutsika m'masamba kulowa m'nthaka. Botolo latha. Munafunsa kuti ndisakubisireni: chiwawu chakwera kuchokera kumtsinje mpaka pakati pa munda. Mitengo ya mbatatesi ikuda n'kugwa. Munda ukununkha, fungo lake limakupeza usanafike.

Dzulo kunali msonkhano wa asosiyasau. A Cipriano anandiitanitsa kutsogolo.

"Tiuze dzina la munthu amene waika mlondayu. Timulembere kalata, abwere adzaone minda."

Ndinati ali kutali, kudziko lozizira, ndipo salipidwa ndi aliyense, amalemba akaweruka ku ntchito yake.

"Nanga bwana wake ndani?"

Ndinati alibe.

"Chinthu chopanda bwana?" Anayang'ana anthu. "Ndiye takhala tikumvera ndani zaka ziwirizi?"

Mayi wina kumbuyo anatchula dzina lanu. Amayi anaimirira, anamanga chitenje, n'kutuluka. Ndinawatsatira, koma anayenda mofulumira, ndi bondo lomwelo.

Belmiro


Ntengo-Wambalame, 2 Março 2024

Iolanda mwana wanga,

Ndine mayi ako. Akulemba ndi Belmiro, ndipo ndamuuza kuti akasintha mawu ngakhale amodzi ndidziwa. Moni. Ukudya? Pa foni mawu ako akumveka ngati sukudya. Pa foni sindingathe kunena izi, chifukwa ukangoyamba kupepesa ine ndimaiwala zimene ndimafuna kunena.

Masamba onse ndadula ndi chikwakwa, ndawatulutsa m'munda. Akuti ukatero matenda satsikira pansi msanga. Mbatatesi ndazisiya m'nthaka kuti khungu likhwime. Tidzakumba pakati pa mwezi, pamenepo ndi pamene tidzadziwe ngati mbewu yanga ilipo kapena yatha. Ndinaisenza pamutu kuchokera ku Malawi ndili mtsikana, m'kathumba ka shuga. Sindikunena izi kuti ulire. Ndikunena kuti udziwe chifukwa chake sindikugona bwino, usaganize kuti ndi iwe.

Anthu akulankhula, alekeni. Amene akulankhula kwambiri ndi omwe chaka chatha ankabwera kudzandigwira chanza.

Koma pali chimodzi chikundiwawa. Mlongo wakoyu akuti kubipa kwanga sikunkafika kwa iwe ku Beira, kunkathera m'nyumba ya asosiyasau momwemu. Ine ndinkadziwa kuti kumadzera m'kabokosi, koma ndinkati mwina madzulo umaona kuti amayi abipa, ndiye adzuka, ndipo kwathu kwagwa mvula. N'chifukwa chake ndinkabwereza. Tsopano akuti chinthucho chinandiyesa wakuba n'kunditsekera. Ine, Ernestina, wakuba. Belmiro akuti palibe munthu ananena zimenezo, zinangochitika. Zinthu sizingochitika. Iwe ukuwadziwa anthu amenewa. Undiuze dzina lake. Sindimuchita kanthu, ndikungofuna ndidziwe amene ndikumukhululukira.

Mwanayu usamukalipire za eskola. Wabwererako. Sadya bwino nayenso.

Mayi ako


Beira, 8 Março 2024

Amayi, ndi iwe Belito amene ukuwerenga,

Moni. Ndikudya, amayi.

Dzina ndilibe. Ndalifunafuna. Amene anaika mlonda sankadziwa kuti padziko pali anthu amene amalankhula ndi kubipa. Amene analemba za chiwawu sankadziwa za mlonda. Ine ndinalumikiza zinthu zawo, n'kuzisiya zizisintha zokha, osadziwa kuti kumudzi mwasinthanso kabipidwe. Mukafuna dzina loti muligwire, gwirani langa, ndi lokhalo lili pafupi. Kubipa kwanu sindinkakuona, amayi. Ndikanatha kukonza kuti ndizikuona, sindinaganize.

Belito, mwini mlonda uja wandilembera. Wawerenganso dandaulo lako, ndipo waika njira yomuuzira mlondayo kuti anthu akutiakuti ndi a pakhomo. Wapepesa, wafunsanso kuti mbatatesi zili bwanji. Sindinamuyankhe. Ndikuyesa zidutswa zonse pamodzi pa makina anga kuno. Zikagwirizana ndikutumizira sabata yamawa.

Pali chimene sindikudziwa, ndipo ndikufunsa iwe chifukwa ndiwe uli pafupi nako. Ndikakaletsa kulandira zatsopano, tsiku lina kadzatsalira, kadzaleka kumvana ndi netiweki, kapena akuba enieni adzapeza polowera. Ndikakasiya kazilandira, za chaka chino zikhoza kubweranso ndi nkhope ina. Anzanga a kuntchito akuti ndizikhala ndikuyesa chatsopano chilichonse chisanalowe. Zidutswazo zilipo zoposa zana, ine ndili ndekha, ndipo ntchito imene imandidyetsa ndi ina. Ukuona bwanji?

Iolanda


Ntengo-Wambalame, 16 Março 2024

Mana Iolanda,

Moni. Tilipo. Zimene munatumiza ndinaziika Lachinayi, zalowa popanda kukana. Kanyale kayambanso kuphethira, ngakhale obipa ndi ochepa tsopano. A Cipriano akuti za kabokosi adzakambirana anthu akamaliza kukolola. Tomé ndiye amabipa tsiku lililonse, ngakhale kunja kuli dzuwa. Ndamuuza kuti akusokoneza, akuti akubwezera masiku amene anatsekeredwa.

Funso lanu ndaliganizira popita ku eskola ndi pobwera. Sindikudziwa, mana. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndiziyang'anira ine, koma ndinayang'anira, ndinaona, ndipo munda unapsabe.

Takumba lero. Tinayambira kumunsi. Khasu likalowa, m'malo mwa mbatatesi mumatuluka phala lonunkha. Zina zimaoneka zabwino, ukazigwira chala chimalowa. Amayi ankangokumba, n'kuponya kumbali, n'kukumbanso. Kumtunda, kumene mphepo imawomba, tinayamba kupeza zolimba, zing'onozing'ono ngati mazira a nkhunda. Amayi ankaipukuta iliyonse ndi chitenje, kuinunkhiza, n'kuiika m'beseni. Munda wonse uja watipatsa beseni limodzi, losadzaza. Akuti zina mwa zimenezi ziwolera m'nyumba, matenda amabisala m'kati. Ngati zidzafike nthawi yobzala, palibe angadziwe. Aziyala pansi pa bedi lawo, akuti azizitembenuza m'mawa uliwonse.

Tili pa mzere womaliza, kunayamba kuwaza. Foni inalira m'chitenje. Manja awo anali ndi matope, ndiye anati nditulutse ine, ndiwawerengere. Unali uthenga wa kabokosi, woyamba wochenjeza chikonzereni. Ndinafuna kunama kuti ndi a netiweki akutsatsa mega, koma anali akundiyang'ana.

Ndinawerenga: "Chiwawu chayandikira. Poperani lero."

Anayang'ana munda, dothi lokhalokha lotembenuzidwa ndi milu ya zowola. Ndinkaganiza kuti aseka, kapena aponya foniyo mumtsinje. Anapukuta chala chimodzi pa chitenje.

"Bweretsa kuno. Kukuwaza."

"Amayi, simuyenera kutero. Sizipita kwa mana."

"Ndamva kale zimenezo. Kumtunda kwa phiri kuli anthu anabzala mochedwa, masamba awo akadali obiriwira."

Anabipa kamodzi. Chala chinatsala m'mwamba, chikufuna kubwereza. Anandiyang'ana.

"Kamodzi kakwana?"

Ndinati kakwana. Koma sindinali pa kabokosi, mana, ndinali kumunda. Sindikudziwa ngati kanyale kanaphethira.

Mlongo wanu,
Belmiro